Mmene mungayerekezere mapulogalamu a pa intaneti musanaikemo mbiri ya anthu a m'gulu lanu

Kuyambira ku Chikwawa Boma, kutsika ndi msewu kudutsa Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Marka, magulu ambiri amene kale ankasunga zonse mu hadikava tsopano akusamutsira ntchito zawo pa foni. Mlembi wa banki m'khonde amajambula tsamba la ngongole n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imatumiza mayina a mabanja amene nyumba zawo zagwa, ndipo kalabu ya alimi a thonje imapemphedwa kulemba mamembala ake pa fomu ya pa intaneti pamodzi ndi nambala za ziphaso zawo za unzika. Posankha pulogalamu, anthu amafunsa ngati imadya bandulo yambiri ndiponso ngati imagwira netiweki ikafooka. Mafunso amenewa ndi oyenera ndithu, koma pali ena amene amasiyidwa: kampani ya pulogalamuyo imatenga chiyani, imasunga kuti, imagawana ndi yani, ndipo imafufuta liti? Munthu amene si katswiri wa makompyuta angathe kupeza mayankho ake pogwiritsa ntchito foni yomwe ali nayo kale, bola akhale ndi cholembera, pepala ndi kuleza mtima.

Lembani kaye zimene mukufuna kuikamo

Musanatsegule tsamba lililonse la kampani, lembani zonse zimene gulu lanu likufuna kusunga kapena kutumizirana. Mudzaona msanga kuti zinthuzo sizolemera mofanana. Tsiku la msonkhano ndi mtengo wa mbuzi pa msika wa ku Ngabu zikhoza kuwerengedwa ndi aliyense popanda wovulala. Ngongole ya membala amene walephera kubweza ndi nkhani ina, chifukwa ikatuluka imatha kugwedeza banja. Dzina la munthu likaphatikizidwa ndi mudzi wake, nambala yake ya foni ndi nambala ya chiphaso chake, limasanduka chuma cha akamberembere amene amaimbira anthu n'kumanama kuti ndi ogwira ntchito ku bungwe lothandiza kapena ku kampani ya foni, ndipo munthu amawakhulupirira chifukwa amutchula dzina lonse pamodzi ndi la mfumu yake. Ndiye pali zinthu zimene siziyenera kupezeka n'komwe m'foni ya membala wamba, monga mndandanda wa amene akulandira mankhwala otalikitsa moyo, mayina a atsikana amene anachitiridwa nkhanza, ndi malo amene anthu achialubino akukhala.

M'chigwa chathu muno mayina otere amalembedwa mwachangu, popeza nthawi zambiri amalembedwa madzi atasefukira. Pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, anthu ankalembedwa ali m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo munthu amene wataya zonse sangakane kupereka chiphaso chake poopa kuphonya thandizo. N'chifukwa chake komiti iyenera kusankha pulogalamu nthawi ya chilimwe, mitu ili m'malo, osadikira kuti mtsinje wa Mwanza kapena wa Ruo uyambe kukwera.

Malamulo a dziko lino ali kumbali ya anthu olembedwawo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo chinsinsi cha mauthenga ake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linakhudzapo kale za kusamala mbiri ya anthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linakulitsa nkhaniyi n'kupatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira. Lamuloli limaika udindo pa amene amatolera ndi kusunga mbiri ya anthu ena, ndipo limapatsa mwini mbiriyo ufulu woona zimene zasungidwa, wozikonzetsa ndi wopempha kuti zifufutidwe. Komabe tisadzinamize: sichapafupi kuti mlimi wa ku Makhanga akatengere ku khoti kampani ya ku California kapena ku Dubai. Chitetezo chimene chili m'manja mwanu ndi kusankha bwino musanaike kalikonse.

Mafunso akhale amodzi kwa onse

Pa tsamba la hadikava jambulani mizere, pulogalamu iliyonse ikhale ndi danga lake, ndipo funso lililonse mulifunse kwa onse mofanana. Mukapanda kutero mudzapezeka kuti mwayerekezera mawu okoma a kampani ina ndi mbiri yoipa ya kampani inzake, zomwe sizithandiza.

Funso loyamba ndi la mwini wake komanso kumene amapeza ndalama. WhatsApp, Facebook, Messenger ndi Instagram ndi za kampani imodzi ya Meta, imene pafupifupi ndalama zake zonse zimachokera ku zotsatsa malonda. Nayonso Google imapeza gawo lalikulu la ndalama zake mwa njira yomweyo. Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga, imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu limene limadalira zopereka, pamene Proton ya ku Switzerland imadalira anthu amene amalipira kuti agwiritse ntchito imelo ndi malo osungira mafayilo. Izi sizikutanthauza kuti chaulere chilichonse ndi choipa, koma kampani imene imadya za otsatsa malonda ili ndi chifukwa chofunira kudziwa zaka zanu, kumene muli ndi zimene mumakonda, ndipo chifukwa chimenecho sichichoka ngakhale ilonjeze zotani. Pulogalamu imene simukupeza dzina la kampani yake, dziko limene ili kapena njira yolumikizirana nayo, ifufuteni pa tsamba lanu nthawi yomweyo.

Kenako tsegulani Play Store, lembani dzina la pulogalamuyo, ndipo mutsike mpaka pamene alemba kuti Data safety. Gawo limeneli, lomwe Google inaliyambitsa mu 2022, limasonyeza mitundu ya mbiri imene pulogalamu imatolera, imene imagawana ndi makampani ena, ngati imabisa zinthuzo zikamayenda pa intaneti, ndiponso ngati mungapemphe kuti zifufutidwe. Amene ali ndi iPhone amapeza zofanana nazo pa App Privacy. Koperani zimene mwaona m'danga la pulogalamuyo, koma mukumbukire kuti amene amadzaza gawoli ndi eni pulogalamu okha. Ndi umboni wa munthu wodzichitira yekha, wofunika kuuyesa.

Pouyesa, ikani pulogalamuyo m'foni imene mulibe zinthu za gulu, kenako mupite ku Settings, Apps, dzina la pulogalamu, ndi Permissions. Mayina a malowa amasiyanako pang'ono pakati pa itel, Tecno ndi Samsung, koma njira yake ndi yomweyo. Pa chilolezo chilichonse dzifunseni ngati ntchito imene mukufuna ikuchifunadi. Pulogalamu yoimbirana ikapempha maikolofoni, m'pomveka. Pulogalamu yowerengera masheya ikapempha kuwerenga ma SMS anu, kuona nambala zonse za m'foni ndi kudziwa pamene mwaima, pamenepo pali funso lalikulu, makamaka chifukwa m'ma SMS ndi mmene mumagwera mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba. Kanani chilolezocho muone chimene chichitike. Pulogalamu yaulemu imagwirabe ntchito zake zina, pamene yadyera imakana kutseguka mpaka mutavomera zonse, ndipo khalidwe limenelo likuuzani zambiri kuposa masamba khumi a malonjezo. Pa nkhani ya malo, mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo amakulolani kusankha Allow only while using the app, ndipo palibe chifukwa choti pulogalamu ya gulu izikutsatirani usiku muli kunyumba.

Chilolezo choona nambala za m'foni n'chimene ndimachiona kukhala cholemera koposa, chifukwa amene mukumupereka si inu nokha ayi, koma apongozi anu, abusa anu, a mfumu ndi mamembala onse, amene sanafunsidwe. M'mayiko monga Kenya, Nigeria ndi India, mapulogalamu ena obwereketsa ndalama ankagwiritsa ntchito nambala zimenezi pochititsa manyazi angongole, n'kumatumizira abale awo mauthenga onyoza, ndipo kuyambira pa 31 May 2023 Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a pa Play Store kuona nambala ndi zithunzi za m'foni. Koma lamulo limenelo limathera pa Play Store pomwepo. Pulogalamu imene mnyamata wa pamalo otchajira mafoni wakuikirani kudzera pa Bluetooth kapena Xender pofuna kukupulumutsirani bandulo, siinadutse pa mpanda umenewo. Chitsanzo chofala ndi GB WhatsApp ndi inzake yofanana nayo, imene siinapangidwe ndi kampani ya WhatsApp, palibe amene angakutsimikizireni kumene imatumiza zinthu zanu, ndipo eni WhatsApp amachenjeza kuti akhoza kutseka akaunti ya amene akuigwiritsa ntchito. Membala mmodzi yekha akakhala nayo, mauthenga onse a gulu amadutsa m'pulogalamu yosadziwika mwini wakeyo.

Kuwerenga Privacy Policy osataya tsiku lonse

Chikalata cha Privacy Policy, mmene kampani imafotokozamo zimene imachita ndi mbiri yanu, chimakhala chachitali, cholembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo palibe chifukwa chochiwerengera mzere uliwonse. Chitseguleni mu Chrome, dinani timadontho titatu ta pakona, musankhe Find in page, ndipo mufufuze mawu awa limodzilimodzi: collect, share, third parties, advertising, retain, delete ndi transfer. Pamene pagwera mawu aliwonse werengani ndime yonseyo mosamala, ndipo ngati Chingerezi chikuvuta, khalani pansi ndi mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene gulu limamudalira.

Pamene kampani yalemba kuti siigulitsa mbiri yanu, musaime pomwepo, chifukwa ndime yotsatira imatha kunena kuti imagawana ndi anzake a malonda, ndipo kwa mwini dzina zotsatira zake sizisiyana kwenikweni. Pamene yalemba kuti idzasunga zinthu kwa nthawi imene ikuona kuti n'koyenera, lembani m'danga mwanu kuti nthawi sinatchulidwe, ndipo kampani imene yatchula masiku kapena miyezi muipatse ulemu woposa. Onaninso tsiku limene chikalatacho chinasinthidwa komaliza. Masiku ano ndi bwino kufufuzanso mawu akuti train, popeza makampani ena amagwiritsa ntchito zimene anthu amalemba pophunzitsa mapulogalamu awo a AI, amene amayankha ndi kulemba ngati munthu. Alembi ena ayamba kukopera mndandanda wonse wa mamembala mu ChatGPT kapena pulogalamu ina yotero kuti iwasanjire bwino. Ntchito imatha msanga inde, koma mayina a anthu amakhala atapita ku seva, kapena kuti kompyuta yaikulu yosungira zinthu, ya kampani ina imene gulu silinaikambirane.

Ndani angawerenge uthenga wanu

Apa m'pamene mapulogalamu otumizirana mauthenga amasiyana kwambiri, ndipo m'pamenenso anthu amasokonezeka. Pafupifupi kampani iliyonse imanena kuti mauthenga ake ndi obisika, koma funso lenileni ndi lakuti kiyi ali ndi yani. Pa njira imene imatchedwa end-to-end encryption, uthenga umatsekedwa m'foni ya wotumiza ndipo umatsegulidwa m'foni ya wolandira yekha, moti ngakhale kampaniyo singauwerenge. Pa njira inayo, uthenga umabisika panjira koma kampani imakhala ndi kiyi wake pa seva.

WhatsApp inayamba kutseka mauthenga onse mwa njira yoyambayo mu 2016, a munthu ndi munthu komanso a m'magulu, pogwiritsa ntchito luso lomwe linapangidwa ndi a Signal. Signal imachita chimodzimodzi. Messenger inayamba kutseka motero macheza a anthu awiri, popanda mwini wake kusankha, mu December 2023. Telegram, imene ambiri amaiganizira kuti ndi yachinsinsi koposa, imasunga macheza wamba pa maseva ake, ndipo kutseka kwa mtundu woyambawu kumapezeka pokhapokha mutatsegula Secret Chat, yomwe ndi ya anthu awiri okha. Mauthenga a m'magulu a Telegram satsekedwa motero. SMS ilibe chitetezo chotere n'komwe.

Ngakhale uthenga utsekedwe chotani, pali zina zimene zimaonekabe. Mukapatsa wopalasa bwato thumba losokedwa kuti aliwolotse Shire, iye sadziwa chimene chili m'kati, koma amadziwa amene wamupatsa, amene akalandire tsidya linalo, tsiku lake, kulemera kwa thumbalo, ndiponso kuti mwakhala mukutumiza kangati mwezi uno. WhatsApp imatolera zinthu za mtundu umenewu, monga nambala yanu, mtundu wa foni, adiresi ya intaneti imene mwalowera ndi nthawi imene mumaigwiritsa ntchito, ndipo chikalata chake chimanena kuti zina mwa izo imagawana ndi makampani ena a Meta. Signal, itakakamizidwa ndi makhoti a ku America kupereka zimene ili nazo, yakhala ikusonyeza poyera kuti inatha kupereka tsiku limene akaunti inatsegulidwa ndi nthawi imene inalumikizidwa komaliza basi. Kusiyana kumeneku n'kofunika kuno kwathu chifukwa kuyambira pamene kalembera wa ma SIM anakhwimitsidwa mu 2018, nambala ya foni inamangirizidwa ku chiphaso cha mwini wake, choncho amene wadziwa nambala wayandikira kwa munthu weniweni.

Malo ena amene chinsinsi chimadonthera ndi pa backup. Mauthenga a WhatsApp akakwezedwa ku Google Drive sakhala otsekedwa mwa njira yoyamba ija pokhapokha mutapita ku Settings, Chats, Chat backup n'kuyatsa End-to-end encrypted backup, mwayi umene unabwera mu 2021. Mukayatsa, sungani pasiwedi yake pabwino, chifukwa mukaiiwala foni n'kutayika, kampaniyo singakubwezereni mauthengawo. Ndiponso kutseka konseku sikuletsa membala kujambula uthenga n'kuutumiza kwina. Gulu la anthu 150, limene aliyense amaona nambala za anzake ndipo ena analowa kudzera pa linki yoponyedwa paliponse, silingasunge chinsinsi ngakhale pulogalamu ikhale yabwino chotani. Mauthenga odzifufuta okha, amene pa WhatsApp mungawaikire maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, amachepetsako zimene zingapezeke m'foni ikabedwa.

Pa zosunga mafayilo ndi mafomu mafunso ake ndi omwewo. Google Drive, Google Forms ndi Google Sheets zimabisa zinthu panjira ndi pa seva, koma kwa ogwiritsa ntchito wamba kiyi amakhala ndi Google, pamene Proton Drive imatseka mafayilo m'chipangizo chanu asanakwere. Komabe ngozi yaikulu pa Google Drive nthawi zambiri siichokera ku kampani koma ku dzanja la mlembi, amene pofulumira amasankha Anyone with the link m'malo mwa Restricted, ndiye linkiyo ikadumphira pa gulu lina aliyense amatsegula mndandanda wonse. Mabungwe ambiri othandiza amagwiritsa ntchito KoboToolbox, imene pulogalamu yake ya KoboCollect imalola kulemba anthu popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo pake, chinthu chothandiza kwambiri ku East Bank ndi midzi ina imene netiweki imachita kusakidwa pachulu. KoboToolbox imakulolani kusankha pakati pa seva yake yaikulu ndi seva ya ku European Union, ndipo ili ndi njira yotsekera mafomu kuti awerengedwe ndi amene ali ndi kiyi yekha. Wa bungwe akabwera ndi tabuleti kudzalemba anthu, komiti ili ndi ufulu womufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, mayinawa akasungidwa mu akaunti ya bungwe kapena yanu, ndipo ntchito ikatha adzafufutidwa liti?"

Yesani khomo lotulukira

Yeso limene ndimalikhulupirira kwambiri ndi losavuta: tsegulani akaunti yoyesera, musaikemo dzina la membala aliyense, muigwiritse ntchito pang'ono, kenako mupemphe kuona zimene kampani yasunga, ndipo pomaliza muyese kuifufuta. Google ili ndi Google Takeout yotengera zinthu zanu zonse, ndipo pa My Activity mungasankhe kuti mbiri ya zimene mwachita izifufutika yokha pakatha miyezi 3, 18 kapena 36. Pa WhatsApp pali Request account info, imene lipoti lake limabwera pakatha masiku pafupifupi atatu. Facebook nayo ili ndi malo otengera mbiri yanu. Mukatsegula zimene zabwerazo mumaona ndi maso anu ngati zikugwirizana ndi zimene zinalembedwa pa Data safety.

Kuchotsa pulogalamu m'foni si kufufuta akaunti. Ambiri amadina Uninstall n'kumaganiza kuti zatha, pamene zonse zikadali pa seva. Malamulo a Play Store tsopano amafuna kuti pulogalamu imene imalola munthu kutsegula akaunti imupatsenso njira yoifufutira, m'kati mwa pulogalamuyo komanso pa tsamba la pa intaneti. Ngati njirayo yabisika, kapena akukuuzani kuti mulembe kalata imene siyankhidwa, lembani zimenezo m'danga lake. Makampani aakulu monga WhatsApp ndi Facebook amanena kuti kufufuta zonse kungatenge masiku ofika 90, ndipo zimene munatumizira anthu ena zimatsalabe kwa iwo.

Funsaninso chimene chimachitika foni kapena SIM ikatayika, popeza kuno mafoni amapita ndi madzi, ndipo anthu a m'malire monga ku Marka amasinthasintha ma SIM malinga ndi netiweki imene ikugwira. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani ya foni imatha kuipereka kwa munthu wina, ndipo munthuyo ndi amene amalandira nambala zachinsinsi zolowera mu akaunti zimene zinalembetsedwa pa nambalayo. Choncho pulogalamu imene ili ndi loko wachiwiri ndi yoposa imene imadalira SMS yokha. Pa WhatsApp loko ameneyu ndi Two-step verification, pomwe mumadzisankhira manambala 6. Nambala imene yabwera pa SMS musauze munthu aliyense, ngakhale atadzitchula kuti ndi wachibale amene watumiza molakwika.

Mbiri ya kampani nayo iwerengedwe, koma mosamala. Mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza mbiri ya anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook, ndipo mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni. Mu 2021 bungwe loteteza mbiri ya anthu la ku Ireland linalipiritsa WhatsApp mayuro 225 miliyoni chifukwa chosafotokozera anthu momveka bwino zimene imachita ndi mbiri yawo, ndipo mu 2023 bungwe lomwelo linalipiritsa Meta mayuro 1.2 biliyoni pa nkhani yotumiza mbiri ya anthu a ku Ulaya ku America. Zilango zimenezi ndi zoona, koma musafulumire kuganiza kuti kakampani kamene simunamvepo mlandu wake n'koyera. Makampani aakulu amagwidwa chifukwa pali maso ambiri owayang'ana, pamene kapulogalamu kopangidwa ndi anthu awiri kakhoza kusiya seva yosatseka kwa zaka popanda wolemba nkhani. Malonjezo nawonso amasintha. Mu September 2024, mwini Telegram, Pavel Durov, atamangidwa ku France mwezi wa August, kampaniyo inasintha chikalata chake n'kunena kuti ikhoza kupereka nambala za foni ndi maadiresi a intaneti kwa akuluakulu a boma akapempha motsata malamulo. Tsamba lanu loyerekezera liyenera kuonedwanso kamodzi pachaka.

Kupima zimene mwapeza

Musawonkhetse mamalikisi ngati mayeso a kusukulu, chifukwa yankho limodzi loipa likhoza kugwetsa pulogalamu imene yakhoza kwina konse. Ngati mukufuna kusunga ziphaso za anthu ndipo pulogalamuyo ilibe njira yofufutira, zina zonse zilibe ntchito. Kumbali inayi, pulogalamu yotetezeka kwambiri imene mamembala sangathe kuiika ndi yopanda phindu. Pa pepala Signal imaposa inzake pa kuchepa kwa zimene imatolera, koma gulu limene theka la mamembala lili ndi timafoni ta mabatani ndipo ena mafoni awo ndi odzaza kale, lidzabwerera ku WhatsApp ndi SMS sabata isanathe.

Kwa banki m'khonde wamba, maganizo anga ndi akuti ntchito zigawidwe. Zoitanira msonkhano ndi zokumbutsana ziyende pa WhatsApp yeniyeni yochokera pa Play Store, gulu likhale la mamembala okha ndipo linki yolowera isinthidwe ikangotuluka panja. Buku la masheya ndi ngongole likhalebe m'bokosi lake la maloko atatu, limene makiyi ake ali ndi anthu osiyana. Ngati pakufunika kusunga chithunzi cha tsamba poopa madzi, chisungidwe mu akaunti yotsegulidwa m'dzina la gulu, yokhala ndi loko wachiwiri, imene anthu awiri kapena atatu osankhidwa ndi amene amalowamo. Zithunzi za ziphaso zisaponyedwe pa gulu, ndipo bungwe likazifuna zipite kwa wofunikayo mwachindunji, eni ake atauzidwa chifukwa chake. Foni ya mlembi ikhale ndi loko wa pa sikirini nthawi zonse, makamaka ikamasiyidwa kotchajitsa kapena kwa wokonza mafoni, komwe imakhala maola ambiri m'manja mwa ena.

Nthawi imene magulu ambiri amaiwala ndi yosinthana maudindo, monga pakutha pa chaka mukagawana masheya n'kusankha komiti yatsopano. Tsiku lomwelo pasiwedi ya akaunti ya gulu isinthidwe, nambala yolandirira uthenga wolowera ichotsedwe pa foni ya mlembi wakale n'kuikidwa pa ya watsopano, amene asiya gulu achotsedwe pa WhatsApp, ndipo pa Google Drive muone mndandanda wa amene anapatsidwa mwayi wotsegula fayilo iliyonse. Mlembi wakale afufute zithunzi za mabuku a gulu m'foni mwake pamaso pa komiti, osaiwala Google Photos ngati foniyo imakweza zithunzi yokha, ndipo atsegulenso Trash n'kuchotsamo zonse, chifukwa Google Photos imasunga zithunzi zokwezedwa zimene zafufutidwa kwa masabata angapo, ndipo Google Drive imasunga mafayilo otero kwa masiku 30 isanawataye.